Amalume Atathawira M'shedi ya Nsawawa

Ntchito yanga yoyamba yovala yunifolomu ndinaipeza m'shedi yopakiramo nsawawa, pa pulazi ina ya pakati pa Glendale ndi Mvurwi. Kufikira nthawi imeneyo ndinkangoyenda m'maricho, maganyu a m'minda ya alimi atsopano, lero kupalira fodya kwa uyu, mawa kukolola chimanga kwa uyo. Agogo athu anachoka ku Machinga wapansi kalekale, amayi anabadwira pa komboni ya pulazi yomweyo, ineyonso chimodzimodzi. Mzungu mwini pulazi atachoka ife tinatsala, chifukwa kwina kopita kunalibe.

Ndiye kunabwera kampani ina yakunja n'kubwereka mbali imodzi ya pulaziyo. Anatchinga ndi waya wamtali, anayala mapaipi a madzi, n'kumanga shedi yoyera mbee yokhala ndi chipinda chozizira kumapeto kwake. Ankalima nsawawa zanthete, zija zodya ndi makoko omwe, ndi zitheba zowongoka ngati mapensulo, zonse zopita ku Ulaya pa ndege. Atalengeza kuti akufuna akazi a maso akuthwa osankha nsawawa pa lamba, ndinakaima pamzere ndi atsikana anzanga, ndipo anandilemba. Anandipatsa jasi loyera, majombo oyera ndi kaneti kophimba tsitsi. Zovalazo sizinkatuluka pageti, komabe tsiku limenelo ndinabwerera ku komboni ndikuyenda ngati namwino.

Tsiku loyamba afolomani anatisonkhanitsa. Anali bambo wamfupi wa ku Guruve, wokonda kumanga tayi m'kati mwa jasi ngakhale kutenthe bwanji. Anatifotokozera m'Chishona kuti malo amene tinalowawa si malo wamba, ndi zoni, ndipo boma linawapatula kuti katundu wa muno asamalipire msonkho. Anatisonyeza mzere wachikasu wopentedwa pansi, pakhomo la chipinda chozizira, n'kunena kuti bokosi la nsawawa likangodutsa pamenepo ndiye kuti latuluka kale m'Zimbabwe. Anawonjeza kuti kanthu kalikonse ka m'kati mwa waya sikatuluka pageti popanda pepala, ngakhale khoko la nsawawa yophwanyika. Mayi wina wachikulire amene anagwirapo ntchito m'mashedi a maluwa anafunsa za kupuma Lamlungu ndi za majekete a olowa m'chipinda chozizira. Afolomani anakonza tayi yawo n'kuyankha kuti malamulo a kunja kwa waya amathera pageti, muno muli malamulo a zoni.

Ife atsikana za Lamlungu sitinazimve n'komwe. Chimene tinamva n'chakuti panali mzere wolowera kunja kwa dziko, ndipo unali pafupi ndi pamene tinkaima. Panalibe ndi mmodzi yemwe pakati pathu amene anagwirapo pasipoti. Ndiye wina akatumidwa kukasiya bokosi ankatsanzika lamba wonse, kuuza anzake kuti asamale ana, iye wapita kunja. Pobwera tinkamufunsa za nyengo ya kumeneko, iye n'kuyankha kuti kukuzizira kwambiri chaka chino. Ine ndekha ndinkapita kunja kasanu ndi kawiri pa tsiku. Tinkaseka mpaka misozi kugwera pa nsawawa za azungu, ndipo nthabwala imeneyi sinathe mphamvu kwa miyezi itatu.

Amalume analembedwa pambuyo panga, ntchito yotsuka makereti kuseri kwa shedi. Anali mlongo wawo wa amayi, wopondana nawo, munthu wa zaka makumi asanu, wowonda, wa ndevu zochepa zimene ankazisamala kwambiri. Banja lathu ndi lachisilamu, ndipo pa komboni amalume ndi amene ankazinga. Aliyense wofuna kupha nkhuku kapena mbuzi yoti Asilamu adye nawo ankabwera nayo kwa iwo, ndi mpeni wawo wa chigwiriro chamkuwa. Anali munthu wolankhula, wowerenga pepala lililonse limene atola, koma wamantha ndi yunifolomu ya boma moti ngakhale wowerenga mita ya magetsi akabwera iwo ankapeza chochita kuthengo.

Loweruka lina kunafika bambo wachilendo atamangirira mbuzi pa njinga. Inali mbuzi yofiirira ya banga loyera pamsana, khutu limodzi lodulidwa kunsonga. Anati akufuna kugulitsa nyama pa komboni, ndipo wamva kuti kuno anthu sagula ngati sanazinge amalume. Amalume anazinga, anasenda bwinobwino monga mwa masiku onse, bamboyo n'kuwasiyira mutu, mapazi ndi chikopa. Tinadya mutuwo Lamlungu. Chikopa amayi anachikhomera kuseri kwa nyumba kuti chiume.

Lachiwiri masana, pa nthawi yopuma, mayi wogulitsa maputi, chimanga chokazinga chophulika, pageti ndi amene anabweretsa nkhani. Anati kwafika wapolisi pa komboni, akufunsa nyumba ya munthu amene amazinga mbuzi. Mbuzi ija inali yakuba. Mwini wake anali msilikali wopuma ntchito amene anapatsidwa munda tsidya la mtsinje, munthu amene tonse tinkamuopa ngakhale panalibe amene anayankhulapo naye. Ndinaona amalume akumva nkhaniyi ali ndi chikho cha mahewu m'manja. Anachiika pansi osamwako, n'kubwerera kumakereti awo.

Titaweruka ndinawadikira pageti, osabwera. Ndinabwerera m'kati n'kuwapeza kuseri kwa shedi atakhala pa kereti yovundikira, manja atapinda, nkhope itawala ngati munthu amene wapeza yankho la samu yovuta.

"Amalume, tiyeni, akutseka."

"Pita mphwanga, ukawauze achemwali kuti ine ndatuluka m'dziko."

Ndinayesa nthabwala yathu ija yafika ku makereti, koma iwo sankaseka. Anandifotokozera mwatsatanetsatane, akuwerenga ndi zala. Kuba chiweto kuno ndi mlandu wa zaka zambiri kundende. Chitupa chawo chinali ndi chilembo chija chosonyeza kuti ndi mlendo, ngakhale anabadwira kuseri kwa shedi yakale ya fodya. Mlendo akapalamula, akamaliza ndende amamukweza basi kumubweza kwawo. Iwo ku Malawi anali asanapondeko, sankadziwa dzina la sitolo ngakhale imodzi, ndipo ankati akakatsika pa depoti sakadziwa kuti atembenukire kumanja kapena kumanzere. Koma afolomani ananena okha, pamaso pa anthu oposa makumi asanu, kuti malamulo a kunja amathera pageti. Wapolisi ndi wa malamulo a kunja. Choncho wapolisi amathera pageti.

Ndinayesa kupeza pamene akulakwitsa, osapapeza. Mlonda wa pageti, mnzawo wa amalume wa kumzikiti, anabwera kudzaona chimene chikutichedwetsa. Atamva nkhani anakanda m'mutu n'kunena kuti iye anauzidwa kuletsa zinthu kutuluka popanda pepala, koma za kutulutsa munthu amene sakufuna kutuluka sanauzidwepo. Anawasonyeza kachipinda kosungiramo makatoni, n'kuwabwereka jasi lake lamvula.

Amayi nditawauza anayamba ndi kukalipa. Anati mlongo wawoyo anabadwa ndi mutu wodzaza mapepala, ndipo chiyambire ali mwana sanachitepo chinthu chopusa popanda kuchifotokoza bwino. Anakalipa akuzungulira pabwalo, kenaka anaima, anandiuza kuti ndibwereze mawu enieni amene amalume ananena. Nditabwereza kuti ndatuluka m'dziko, amayi anayesa kugwira pakamwa ndi nsalu, koma zinakanika. Anakhala pansi pafumbi, akuseka mpaka kutsokomola, ine n'kugwera pamsana pawo. Anzathu oyandikana nafe anatuluka kudzaona ngati tagwidwa ndi mizimu. Atapezako mpweya amayi anadzuka, anapita kuseri kwa nyumba, anazula chikopa chija n'kuchikulunga m'thumba la feteleza, ndipo pamenepo sankasekanso.

Lachitatu m'mawa ananyamula tiyi ndi chimodho, buledi wathu wophika mumphika, n'kupita nazo pageti. Mlonda anati kulowetsa chakudya palibe choletsa. Vuto linaoneka masana amayi atabwera ndi sadza, nsima ya kuno, n'kupempha mbale za m'mawa. Mlonda anapepesa kwambiri, anati mbalezo tsopano ndi katundu wa m'zoni, sizingatuluke popanda pepala. Amayi anafunsa ngati angaziponye pamwamba pa waya. Iye analoza kamera imene inali pa mtengo wa magetsi. Kuyambira pamenepo chakudya chilichonse chinkadya mbale ziwiri, ndipo pofika Lachinayi madzulo ine ndi amayi tinkadyera pa zivundikiro za mapoto.

Nkhani inafalikira komboni yonse ndi mapulazi oyandikana nawo. Anthu ankabwera pa waya nthawi yopuma kudzaona munthu wothawira kunja. Amalume, amene Lachiwiri anali wotuwa ndi mantha, Lachitatu anali atayamba kukoma nazo. Ankaima m'kati mwa waya manja ali kumbuyo, kumayankha mafunso ngati munthu wobwera ku Joni. Wina anawatcha kazembe, ndipo dzinalo linagwira tsiku lomwelo. Azibambo ena ankafunsa moona mtima ngati munthu amene mkazi wake wakamusumira angalowe nawo. Amalume ankayankha kuti dziko lawo n'laling'ono, silingalandire aliyense. Pa lamba atsikana anapeka nyimbo ya kazembe wa makereti, ndipo ine, pokhala mphwake wa kazembe, ankandipatsa moni wogwada. Ndinaseka tsiku limenelo mpaka kusakaniza nsawawa zopindika ndi zowongoka, bokosi lathunthu n'kubwezedwa.

Afolomani anadziwa Lachitatu lomwelo. Bwana wamkulu anali ku Harare sabata yonse, choncho nkhani inali yawo. Anapita kumakereti ife tikusuzumira pa makatani apulasitiki, n'kuuza amalume kuti akaweruka azituluka ngati wina aliyense, apo ayi aitana apolisi. Amalume anapukuta manja, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti apolisi ake a dziko liti. Kenaka anabwereza mawu a tsiku loyamba aja, osasiya ndi limodzi lomwe, mpaka pamene afolomani anakonzera tayi. Afolomani anayang'ana amalume, anayang'ana makatani amene ankagwedezeka ndi mitu yathu, n'kunena kuti nkhaniyi idikira bwana. Sindikudziwa ngati iwo eni ankakhulupirira zimene anatiuza zija, kapena anangozimva kwa wina. Ndikudziwa kuti tsiku limenelo ndi lotsatira sanadye masana, ankangoyendayenda ndi foni m'manja osaimba.

Lachinayi kunabwera ashehe athu, bambo wofatsa wosoka zovala pa komboni. Anaima kunja kwa waya, amalume m'kati, anthu atazungulira. Anawakumbutsa kuti mawa ndi Lachisanu, ndipo mzere woyamba kumzikiti sunasowepo amalume. Amalume anali ataliganizira kale limenelo. Anati munthu wa paulendo amaloledwa kusapezeka pa swala ya Lachisanu, ndiponso amafupikitsa mapemphero ake, ndiye popeza iwo ali kunja kwa dziko, kodi sali paulendo? Ashehe sanamwetulire n'komwe. Anafunsa ngati kuitana kwa kumzikiti kumamveka pamene amatsukira makereti. Amalume anavomera kuti kumamveka bwino, makamaka mphepo ikachokera ku komboni. Ashehe anati munthu womva kuitana kwa mzikiti wa kwawo sali paulendo, wangokhala kuseri kwa waya. Anatsanzika n'kumapita, ndipo ali chapatali tinaona mapewa awo akugwedezeka.

Lachisanu cha m'ma naini, mlonda analowa m'shedi akuthamanga, chinthu choletsedwa, n'kunena kuti wapolisi wafika. Tinathamangira pa makatani. Tinkayembekeza galimoto ndi amuna a zibonga. Amene tinaona anali mayi mmodzi wa thupi, wa zaka ngati makumi anayi, atatsika kombi, minibasi ya kuno, kumsewu wa tala n'kuyenda wapansi mtunda wonsewo, fumbi lili mbuu m'nsapato, faelo ili m'khwapa. Analemba m'buku la alendo pageti n'kulowa ngati akulowa m'sitolo. Atsikana ena anati geti si kanthu, malire enieni ndi mzere.

Pakhomo la shedi anakumana ndi mayi woyang'anira zaukhondo, amene sankaopa munthu aliyense pa dziko lapansi kupatula oyendera ochokera ku Ulaya. Anamuuza wapolisiyo kuti muno salowa munthu ndi wotchi kapena ndolo, ndipo chipewa chikhale m'kabati. Wapolisi anavula wotchi, anavula ndolo, anasamba m'manja mpaka m'zigongono, anaponda m'beseni la mankhwala, anavala jasi loyera pamwamba pa yunifolomu ndi kaneti kumutu. Mnzanga amene anali pambali panga anandinong'oneza kuti waona, wagonja, muno malamulo ake alibe mphamvu.

Amalume, atamva kuti wadutsa geti, anasiya makereti, anadutsa m'shedi monse ali ndi malaya a manja aafupi, analumpha mzere wachikasu n'kukaima m'kati mwa chipinda chozizira, pakati pa mabokosi opita ku ndege. Chitseko anasiya chotsegula kuti aziona. Wapolisi anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa lamba, akutipatsa moni mmodzimmodzi. Palibe amene ankasankhanso kanthu, nsawawa zinkangoyenda n'kumagwera pansi kumapeto. Anafika pamzere n'kuima. Anayang'ana pansi, anayang'ana ife tonse amene tinali titamuunjikira kumbuyo, osamvetsa chimene tikudikira. Kenaka anaponda tsidya linalo.

Phokoso limene tinatulutsa linali ngati la pa mpira, chigoli chikaphonyedwa pafupi. Iye anatembenuka modabwa.

Amalume, mano akugundana, anati, "Amayi, pepani, koma muno si m'Zimbabwe."

"Anakuuzani ndani?"

Mitu yonse inatembenukira kwa afolomani, amene anali ataima pafupi ndi sikelo akuwerenga mwachidwi pepala lopanda kanthu.

Wapolisi anafotokoza m'Chishona, mosakweza mawu, ngati mphunzitsi wotopa. Anati zoni ndi nkhani ya msonkho wa katundu basi. Nsawawa zikhoza kukhala zatsanzika, koma simenti imene amalume apondapo ili pa dothi la Zimbabwe, ndipo ngakhale kuzizira kumene akunjenjemera nako kukuchokera ku magetsi a dziko lino. Wina akamenya mnzake muno, amabwera ndi iyeyo. Wina akabadwira muno, wabadwira m'Zimbabwe. Boma likhoza kukhululukira kampani msonkho, koma silinagulitse bwalo.

Amalume anatambasula manja awiri kutsogolo, atatseka maso, kudikira unyolo.

Apa mpamene mayiyo anasintha chiyankhulo. Anayankhula Chichewa, chosweka pang'ono, cha munthu amene anachimva kwa agogo, n'kuwatchula amalume kuti sekuru monga amachitira Ashona. Pambuyo pake anatiuza kuti agogo ake akuchikazi anali a pa komboni ina ku Raffingora.

"Sekuru, tsitsani manja. Wakuba tinamugwira Lolemba ku Mvurwi ali ndi mbuzi ina pa njinga. Ine ndikufuna umboni wanu chabe. Masiku anayi ndikukufunani kuti mungondiuza mtundu wa mbuzi. Tulukani muno, mudwala."

Sindikumbuka amene anayamba. Ndikukumbuka kuti ndinapezeka nditakhala pansi m'nsawawa, nditagwira mwendo wa tebulo, mpweya ukukanika kulowa. Mayi wa zaukhondo, amene sindinamuonepo mano, anatsamira khoma akupukuta maso ndi kaneti. Amalume anatuluka m'chipinda muja ali wotuwa ngati phulusa, anaima pakati pathu, n'kunena ndi ulemu wawo wonse kuti iwo anadziwa kale kuti alibe mlandu, amangofuna nkhaniyi iyende m'njira yake. Pamenepo ngakhale wapolisi anatembenukira kukhoma kubisa kuseka.

Umboni analembera panja padzuwa, pa kereti yovundikira, amalume atafunda majasi awiri. Unatenga nthawi, chifukwa amalume ankafuna kufotokozanso mmene mbuzi imagonekedwera ndi kumene imayang'anitsidwa. Atapereka chitupa, wapolisi anachiyang'ana n'kufunsa kumene anabadwira. Iwo analoza ndi chala denga la shedi yakale ya fodya, limene linkaoneka kuseri kwa mitengo. Mayiyo anawauza kuti malamulo aakulu a dziko anasintha, munthu wobadwira kuno kwa makolo ochokera maiko oyandikana nawo akhoza kupita ku ofesi ya zitupa kukasintha, ndipo palibe basi imene ikudikira ozinga mbuzi. Amalume anamvetsera, anagwedeza mutu, koma kupita ku ofesiko kunawatengera zaka zina ziwiri ndi kukalipa kwa amayi kosawerengeka.

Mayi wachikulire uja wa m'mashedi a maluwa anali ataima pafupi nthawi yonseyi. Wapolisi akutseka faelo, iye anafunsa ngati malamulo amene alowa muno lero abwera ndi a Lamlungu ndi majekete omwe. Wapolisi anati zimenezo si za ofesi yake, koma kutauni kuli ofesi ya zantchito, ndipo anthu ake ali ndi miyendo ngati iye, geti lomweli akhoza kulowa. Ananena zimenezi akuyang'ana afolomani. Azimayi atatu anapitadi kutauni sabata yotsatira. Majekete anabwera usanathe mwezi, abuluu, aakulu moti ine langa linkafika m'mawondo. Za Lamlungu zinakokana nthawi yaitali, ndipo tinangopata Lamlungu limodzi pa awiri alionse.

Koma tsiku limenelo zimenezi sitinkaziganiza. Dzuwa linali litakwera, nthawi ya swala itayandikira, ndipo amalume anafuna kutuluka ndi mbale za amayi. Mlonda anakana popanda pepala. Afolomani anakhala pansi n'kulemba ndi dzanja lawo chilolezo chotulutsira mbale khumi ndi imodzi, makapu awiri, supuni imodzi ndi bulangete, anadinda chidindo, mlonda n'kuwerenga chimodzichimodzi. Amayi anali kunja kwa geti ndi theka la komboni. Amalume atangoponda kunja azimayi analulutira, wina anawafunsa zimene atibweretsera kuchokera kunjako, iwo n'kupereka mbale zosatsuka kwa mlongo wawo. Kuitana kwa kumzikiti kunamveka ali pomwepo. Anathamanga ataiwala kuvula majombo ndi kaneti ka kampani, majombowo akulira, ndipo anthu amene anali nawo pamzere woyamba amati anapemphera swala yonse kaneti kakusuzumira pansi pa kofia.

Bwana wamkulu atabwera Lolemba anawachotsa ntchito amalume chifukwa chogona m'malo a kampani. Amalume sanadandaule kwenikweni. Anati makereti ankawawononga khungu la m'manja. Afolomani anakhalabe, koma mawu akuti zoni sanawatchulenso pamsonkhano, ankangoti pano.

Patapita masabata atatu amalume anaitanidwa kukhoti. Tinapita atatu, ine, amayi ndi amalume, chikopa chija chili m'thumba la feteleza. Chinali chisanaume bwino pamene amayi ankachikulunga, ndiye mu kombi anthu anayamba kuyang'anana, kenaka kutsegula mawindo, kenaka kondakitala anaimitsa galimoto n'kukamangirira thumbalo padenga. Amalume anavala mkanjo wawo woyera wa pa Idi ndi jekete lobwereka kwa ashehe.

Kukhoti anawafunsa chiyankhulo chimene akufuna kuyankhula. Amalume amadziwa Chishona kuposa ine, koma atamva kuti Chichewa n'chololedwa anawongola khosi n'kusankha chimenecho. Womasulira anali bambo wa imvi wa Chinyanja cha ku Zambia, ndipo anavutika, chifukwa atafunsidwa dzina ndi kumene amakhala amalume anayambira pa ulendo wa agogo. Woweruza anawadula kawiri. Atafika pa nkhani yeniyeni anailongosola bwino zedi: tsiku, njinga, chingwe cha buluu, banga loyera, khutu lodulidwa. Analoza bambo wa njinga uja mosazengereza. Thumba litatsegulidwa woweruza anayang'ana chikopacho ali patali n'kulamula kuti chitulutsidwe msanga. Zonse zinatha lisanakwane theka la ola, amalume n'kutsika akuoneka ngati munthu amene amulanda mbale asanakhute.

Panja tinapeza msilikali wopuma uja, mwini mbuzi, atayala chikopacho pa bonati ya lole yake. Anali wamtali, wa chipsera pachibwano. Amayi anandikoka kuti tidutse msanga, koma iye anaitana amalume. Anatembenuza chikopa uku ndi uku, anachiyang'anitsa padzuwa, n'kufunsa ngati ndi iwo anasenda. Amalume anavomera ndi mawu aang'ono. Bamboyo anati zaka zonse zimene wakhala akuweta sanaonepo chikopa chosendedwa popanda bowo ndi limodzi lomwe, anyamata ake amasenda ngati akulimbana ndi chilombo. Anati mwezi wamawa mwana wake wamkazi akulowoledwa, kudzakhala mbuzi zinayi ndi ng'ombe, ndipo akuchimuna ena ndi Asilamu a ku Mvurwi. Anafunsa ngati amalume angabwere ndi mpeni wawo. Kenaka anati tikwere, akudutsa kwathu komweko.

Msilikaliyo anawaika amalume kutsogolo. Ine ndi amayi tinakwera kumbuyo, pamwamba pa matumba a feteleza, titagwira zitsulo. Bamboyo ankayendetsa ngati akuthamangitsidwa. Titasiya tala lole inayamba kudumpha, ife kumadumpha nayo, fumbi lofiira likutsalira m'mbuyo, minda ya tirigu wothirira ikudutsa yobiriwira mbali zonse. Kudzera pa kagalasi ka kumbuyo tinkaona amalume akufotokoza chinachake ndi manja onse awiri, msilikali akugwedeza mutu, nthawi zina kumenya chiwongolero ndi kuseka. Amayi anaimirira kuti aone bwino, mphepo n'kuwalanda mpango wa kumutu, ine n'kuugwira m'malere ndi dzanja limodzi. Anandikalipira kuti ndigwire chitsulo, iwo eni ataima chilili, akukuwira anthu a m'njira amene sankawadziwa n'komwe. Pa mlatho wa matabwa lole inagunda bampu lalikulu, tonse awiri tinagwera pa matumba miyendo m'mwamba, ndipo tinakafika pa komboni tili chigonere momwemo, tayera ndi feteleza, tikulephera kudzuka.